Opaleshoni yochepetsa mabere a mwamuna: zofunika kudziwa musanalowe ku fiyeta ndiponso mukatulukako

Mwamuna akatupa mabere, nthawi zambiri nkhani imathera mkati mwa malaya. Kunyanja amasamba atavala T-sheti, pampira amapewa timu yovula malaya, ndipo poyenda amakokera mapewa kutsogolo kuti pachifuwa pasaonekere. Akati afunse nzeru amamva zosiyanasiyana. Uyu akuti alowe jimu, uyo akuti kuli mapiritsi, winanso akumuonetsa zithunzi za pa Facebook za zipatala zimene zikuti zimakonza zonse pa ola limodzi. Chosokoneza n'chakuti aliyense mwa anthuwa ali ndi pamene akunena zoona, kungoti akukamba za mavuto osiyana amene kunjaku amaoneka ofanana.

Opaleshoni yochepetsa mabere a mwamuna ilipodi, ndipo ndi yakalekale. Ku United States kokha, amuna oposa 20,000 amachitidwa opaleshoniyi chaka ndi chaka. Koma nthawi imene munthu amagona pa tebulo la dokotala ndi kagawo kakang'ono chabe. Ntchito yaikulu ili m'milungu ya m'mbuyo, pamene akufufuza chimene chatupitsa mabere, ndi m'miyezi ya m'tsogolo, pamene thupi likupola.

Chatupa n'chiyani kwenikweni?

Mwamuna aliyense amabadwa ndi kamnofu ka bere kuseri kwa nkhumbu, kofanana ndi ka mkazi, kungoti sikakula. Chimene chimakaletsa kukula ndi homoni yachimuna ya testosterone, ndipo chimene chimakakulitsa ndi homoni ya estrogen. Ambiri amayesa kuti estrogen ndi ya akazi okha, koma thupi la mwamuna limapanganso yake posintha gawo lina la testosterone, ndipo kusinthaku kumachitikira kwambiri m'mafuta a m'thupi. Mahomoni awiriwa akakhala pa mlingo wake, pachifuwa pamakhala pathyathyathya. Estrogen ikakwera, kapena testosterone ikatsika, kapena mankhwala ena akaitchingira kuti isagwire ntchito, kamnofu kaja kamayamba kukula. Madokotala amalitcha vutoli gynecomastia.

Palinso amuna amene mabere awo akula chifukwa cha kunenepa basi. Kamnofu kaja kali momwe kanalili, chachuluka ndi mafuta. Dokotala amasiyanitsa ziwirizi ndi zala zake. Amakugonekani chagada, manja kumutu, n'kuika chala chachikulu mbali ina ya bere ndi chala cholozera mbali inayo, kenako n'kumazikokera pang'onopang'ono ku nkhumbu. Ngati ndi mafuta okha, zala zimakumana popanda chotchinga. Ngati ndi mnofu wa bere, zimagunda kanthu kobulungira, kolimba koma kotamuka, kamene kakhala ndendende pansi pa nkhumbu, ndipo nthawi zina kamapweteka akakafinya. Taganizirani nyama ya ng'ombe mumphika: mafuta amasungunuka, koma mtsempha umatsala, ukukanabe mano. Ndicho chifukwa chake jimu imathandiza munthu wa mafuta koma siichotsa mnofu wa bere, ndiponso chifukwa chake makina opopa mafuta nthawi zambiri sakwanira paokha. Amuna ambiri ali ndi zonse ziwiri, mafuta ndi mnofu pamodzi.

Pali misinkhu itatu imene kutupaku kumachitika mwachibadwa. Ana aamuna ambiri ongobadwa kumene amakhala ndi timabere totupa chifukwa cha mahomoni a mayi awo, ndipo timaphwa tokha m'milungu yochepa. Kutifinya kumangoitana mafinya. Potha msinkhu, makamaka pa zaka 13 ndi 14, pafupifupi theka la anyamata amatupa bere limodzi kapena onse awiri, ndipo kwa ambiri zimatha zokha pakati pa miyezi 6 ndi zaka 2. Kenako vutoli limabweranso kwa abambo opitirira zaka 50, pamene testosterone ikutsika ndipo mafuta akuchuluka.

Choyambitsa, funso lofunika kuyankha mpeni usanatuluke

Apa ndi pamene anthu ambiri amadumpha, chonsecho ndi pofunika kuposa pena paliponse. Opaleshoni imachotsa chimene chakula, koma siikhudza chimene chachikulitsa.

Mankhwala ndiwo amayamba kukayikiridwa. Spironolactone, amene amaperekedwa kwa odwala mtima ndi otupa mimba chifukwa cha chiwindi, ndi wodziwika kwambiri pa nkhaniyi: pa kafukufuku wamkulu wa odwala mtima amene anafalitsidwa mu 1999, mwamuna mmodzi mwa 10 aliwonse omwa mankhwalawa anatupa kapena kumva kuwawa mabere. Enanso ndi cimetidine wa zilonda za m'mimba, ketoconazole wa mapiritsi, finasteride wa prostate (kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo) ndi dazi, komanso mankhwala a khansa ya prostate monga bicalutamide.

Kwathu kuno nkhani yaikulu yakhala efavirenz. Mankhwalawa anali m'gulu la ma ARV lotchedwa 5A, limene Malawi inayamba kupereka kwa amayi oyembekezera mu 2011 kenako kwa akuluakulu onse mu 2013. Kafukufuku wa ku Zomba wofalitsidwa mu 2017 anapeza kuti amuna pafupifupi 6 mwa 100 aliwonse omwa ma ARV anali ndi vuto la mabere. Kuyambira mu 2019 ambiri anasamutsidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, koma pali abambo amene anatsala ndi mabere a nthawi imene ija. Chofunika kuchinena mosapita m'mbali n'chakuti munthu asasiye kumwa ma ARV, kapena mankhwala a mtima, chifukwa cha mabere. Akafotokoze ku kiliniki kuti amusinthire. Bere lotupa silipha, koma kudukiza mankhwalawa kungaphe.

Anyamata a ku jimu amene amabaya kapena kumwa ma steroid kuti akhale ndi matupi amadzimangira okha msampha, chifukwa thupi limasandutsa gawo la mankhwalawo kukhala estrogen. Mowa wambiri umawononga chiwindi, chimene chimathandiza kuchotsa mahomoni otsala, komanso umafooketsa machende. Matenda a impso, chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso ndi zotupa za m'machende nazo zimatupitsa mabere. Pali amuna obadwa ndi kromozomu X yowonjezera, vuto limene Harry Klinefelter analifotokoza mu 1942. Ngakhale kuchira ku njala kumayambitsa vutoli: nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, asilikali ambiri amene anali akaidi m'misasa ya Japan anatupa mabere atayambiranso kudya mokwanira, ndipo kwa ambiri zinatha zokha.

N'chifukwa chake dokotala wabwino amafunsa mafunso ochuluka, amayeza machende, ndipo angapemphe kuyeza magazi a chiwindi, impso, chithokomiro ndi mahomoni. Amafunanso kutsimikiza kuti si khansa. Bungwe la WHO limati mwa anthu 100 odwala khansa ya m'mabere, pafupifupi mmodzi ndi mwamuna. Ndi yosowa, koma ilipo, ndipo amuna amachedwa nayo kupita kuchipatala chifukwa cha manyazi. Chotupa cholimba gwa, cha mbali imodzi, chosakhala pakati pa nkhumbu, chomatirira kukhungu, nkhumbu yolowa mkati kapena yotulutsa magazi, kapena mwanabere m'khwapa, izi sizofuna dokotala wokongoletsa thupi ayi. Zimafuna kujambula ndi kutenga kanyama kokayeza msanga.

Nthawi nayo ili ndi mawu ake. M'miyezi yoyambirira mnofu wa bere umakhala ukukula, ndi wofewa ndipo umapweteka. Pa nthawiyi, kuchotsa choyambitsa kungauphwetse, ndipo madokotala ena amapereka tamoxifen, mankhwala otchinga estrogen, kwa miyezi itatu kapena kuposerapo kuti achepetse ululu ndi kutupa. Chikapitirira chaka, mnofuwo umauma n'kusanduka ulusiulusi wolimba, ndipo mapiritsi sathandizanso kwenikweni. Apo ndi pamene nkhani ya opaleshoni imayambira.

Mmene opaleshoniyi imachitikira

Dokotala wachigiriki Paul wa ku Aegina analemba za opaleshoniyi m'zaka za m'ma 600, ndipo al-Zahrawi wa ku Córdoba anaifotokozanso cha m'ma 1000. Iwo ankadula khungu pansi pa bere, ndipo chipsera chinkakhala chachikulu. Mu 1946 Jerome Webster anafalitsa njira imene ikugwiritsidwabe ntchito lero: kudula theka la bwalo m'mphepete mwa kachigawo kakuda kozungulira nkhumbu, pamene khungu lakuda limakumana ndi khungu la pachifuwa, kuti chipsera chibisale pa malirewo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Yves-Gérard Illouz wa ku Paris anatchukitsa njira yopopa mafuta ndi kachitsulo kamphako, imene imatchedwa liposuction, ndipo mu 1987 Jeffrey Klein anafalitsa njira yoyamba kuthira madzi amchere osakaniza mankhwala ochititsa dzanzi ndi ofinya mitsempha ya magazi, kuti magazi asatayike ambiri.

Masiku ano madokotala ambiri amaphatikiza ziwirizi. Amapopa mafuta kudzera m'timabowo tating'ono m'mbali mwa chifuwa, kenako amadula m'mphepete mwa nkhumbu n'kutulutsa mnofu wolimba uja. Samachotsa wonse. Amasiya kagawo kochepa pansi pa nkhumbu, chifukwa akakokolola wonse nkhumbu imalowa mkati n'kusiya kadzenje kovuta kukonza kuposa bere lomwe linalipo. Luso la dokotala limaonekera pa kagawo kameneka: akasiya kochuluka bere limaonekabe, akasiya kochepa pamatsala dzenje.

Njira imene angasankhe imadalira kukula kwa bere ndi khungu lotsala. Madokotala ambiri amatsatira magulu amene Simon ndi anzake anakhazikitsa mu 1973, kuyambira bere laling'ono lopanda khungu lotsala mpaka bere lalikulu lolendewera ngati la mkazi. M'magulu oyambirira khungu limadzikoka lokha. M'gulu lomaliza, monga kwa munthu amene anali wonenepa kwambiri n'kuonda, pamafunika kudula khungu, mwinanso kusuntha nkhumbu, ndipo zipsera zimakhala zazitali ndi zoonekera. Opaleshoni yonse imatenga ola limodzi kapena awiri. Ambiri amagonetsedwa tulo, ena amangochititsidwa dzanzi pachifuwa, ndipo munthu amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Milungu yokonzekera

Choyamba ndi kusankha dokotala. Afunseni maphunziro awo, kuti opaleshoni yotereyi amaichita kawirikawiri bwanji, ndipo akuonetseni zithunzi za odwala a khungu lofanana ndi lanu patatha chaka, osati patatha mwezi. Ku Malawi madokotala amalembetsedwa ndi Medical Council of Malawi, ku South Africa ndi HPCSA, ku Britain ndi GMC. Funso limene anthu amaiwala ndi ili: magazi akayamba kuundana pachifuwa usiku, ndiimbira ndani, ndipo ndipita kuti? Amene akuganiza zokachitidwa opaleshoni kunja kwa dziko aganizire funsoli kawiri, ndipo afunse kuti angakwere ndege patatha masiku angati.

Fodya ndi mdani wamkulu wa opaleshoniyi. Nkhumbu ikatsala pa kagawo kochepa ka mnofu, moyo wake umadalira timitsempha ta magazi tating'onoting'ono, ndipo nicotine amatifinya. Zotsatira zake ndi bala losapola kapena nkhumbu yakufa. Lipoti la WHO la mu 2020 linasonyeza kuti kusiya fodya milungu 4 kapena kuposerapo opaleshoni isanachitike kumachepetsa mavuto. Madokotala ambiri amafuna milungu 4 mpaka 6, ndipo amawerengera fodya wa mtundu uliwonse, wosuta, wofwenkha ndi wamagetsi yemwe.

Chachiwiri ndi zonse zimene zimachedwetsa magazi kuundana. Aspirin, Brufen ndi diclofenac amaletsedwa sabata imodzi kapena ziwiri opaleshoni isanachitike. Panado alibe vutoli. Koma amene anapatsidwa aspirin kapena warfarin chifukwa cha mtima kapena sitiroko asasiye yekha, adikire malangizo. Dokotala akafunsa kuti, "Bambo, pali mankhwala ena amene mukumwa?" ambiri amatchula a kuchipatala okha, n'kusiya a zitsamba, a mphamvu za kuchipinda, mapiritsi a adyo ndi ufa wa ku jimu. Zonsezi zitchuleni. Zina zimawonjezera kutaya magazi, zina zimalimbana ndi mankhwala ogonetsa, ndipo kawirikawiri amalangiza kuzisiya milungu iwiri isanafike opaleshoni. Wobaya ma steroid anene poyera, chifukwa opaleshoni yochitika munthu akubayabe ndi kutaya ndalama. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala. Shuga ndi BP zikhale zitakhazikika, ndipo amene ali pa ma ARV apitirize kumwa monga mwa nthawi zonse ndi kufunsa mmene adzamwere m'mawa wa tsikulo.

Ngati mukufuna kuonda, ondani kaye. Munthu akaonda opaleshoni itachitika kale, khungu limalendeweranso. Akanenepa, mafuta amabwerera.

Pali nkhani ina imene imatikhudza kwambiri ife a khungu lakuda, ndiyo zipsera zotukuka zimene madokotala amazitcha keloid. Izi ndi zipsera zimene zimakula kupyola malire a bala, zolimba, zonyezimira, zoyabwa, ndipo zimakonda pachifuwa, pamapewa ndi m'makutu. Musanavomere mpeni, dziyang'aneni thupi lonse: chipsera cha katemera wa BCG pamkono, pamene munaboola khutu, mphini zakale, mabala a ziphuphu pachifuwa ndi pankhongo. Ngati zina zinatukuka, kapena ngati vutoli lili ku mtundu kwanu, muonetseni dokotala. Sizitanthauza kuti opaleshoni n'kosatheka, koma zingasinthe malo odula, kukula kwa bala ndi chisamaliro cha pambuyo pake. Kwa ena, mayankho ake angawachititse kusankha kukhala ndi bere laling'ono kusiyana ndi chipsera chachikulu, ndipo chisankho chimenecho ndi chanzeru ngati china chilichonse.

Za kunyumba n'zosavuta koma zikonzedwe pasadakhale. Pakhale gadiyani wokutengani kuchipatala ndi kugona nanu usiku woyamba. Malaya akhale a mabatani kutsogolo, chifukwa kukweza manja povala T-sheti kumapweteka. Vesiti yothina yapadera igulidwe ya muyeso wanu, makamaka ziwiri kuti ina ikamauma ina ili m'thupi. Musamete tsitsi la pachifuwa ndi lumo tsiku lomwelo, timabala ta lumo timasunga tizilombo. Lamulo lofala la kusala ndi maola 6 osadya ndi maola 2 osamwa madzi, koma mawu omaliza ndi a wogonetsa.

Usiku woyamba ndi sabata yoyamba

Mumadzuka mutamangidwa pachifuwa, vesiti itakuthinani kale. Ululu wake ambiri amaufotokoza ngati kuphwanya kwa minofu osati kubaya, ndipo Panado pamodzi ndi mankhwala amphamvu a masiku ochepa amakwanira. Amphamvuwo, monga tramadol ndi codeine, amadzimbidwitsa, choncho madzi ndi zipatso zisasowe. Ngati anapopa mafuta, timabowo tija timachucha madzi ofiirira pa tsiku loyamba ndi lachiwiri. Bandeji imanyowa, nsalu ya pabedi imathimbirira, ndipo gadiyani amene sanauzidwe amachita mantha, koma ambiri mwa madziwo ndi aja anathiridwa ku fiyeta. Madokotala ena amasiya kapaipi kotulukira m'mbali mwa chifuwa, kolumikizidwa ku kabotolo kofewa kamene mumakakhuthula ndi kulemba mlingo wake, ndipo amakachotsa patatha masiku ochepa.

Vuto limene limachitika kawirikawiri kuposa ena ndi magazi kusonkhana pansi pa khungu, makamaka m'maola 24 oyambirira. Chizindikiro chake n'choonekeratu: mbali imodzi ikutupa mofulumira kuposa inzake, yalimba, yada, ndipo ululu ukukulirakulira m'malo mochepa. Zikatero musadikire kuche. Magaziwo akachotsedwa msanga zotsatira sizisokonekera, koma akasiyidwa amapanikiza nkhumbu ndi kusiya chibulumwa cholimba. Zina zofunika kuthamanga nazo ndi nkhumbu yosintha mtundu kukhala yakuda bii kapena yotuwa, katumba wa mwendo wotupa ndi kupweteka, kubanika, ndi bala lofiira, lotentha kapena lotulutsa mafinya. Thupi likatentha musangoti ndi malungo n'kugula mankhwala pa golosale. Angakhale malungo, lingakhalenso bala. Kuchipatala ndiko angasiyanitse.

Gonani chagada, mutu ndi msana zitakwezedwa ndi mapilo awiri kapena atatu. Yendaniyendani m'nyumba kuyambira tsiku loyamba kuti magazi asaundane m'miyendo. Kusamba kumaloledwa kawirikawiri patatha masiku awiri kapena kapaipi kakachoka, koma kunyika bala m'bafa, mumtsinje kapena kunyanja kumadikira mpaka litatsekeka. Mowa ndi fodya zidikirebe.

Vesiti ndi imene imatopetsa anthu kwambiri, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Imayabwa, imakwera m'khwapa, ndipo imavalidwa usana ndi usiku. Ntchito yake ndi kukanikiza khungu kuti limatirire pa mnofu wa pachifuwa, kuti mpata umene unatsala usadzaze madzi. Madziwo akasonkhana, bere limatukukanso ndipo limagwedezeka mukalikhudza. Dokotala amawakoka ndi singano, nthawi zina kangapo. Vesiti iyenera kugwira mwamphamvu koma osatsekereza mpweya kapena kuchititsa dzanzi m'manja.

Miyezi yodikira

Wogwira ntchito ya pa desiki amabwerera patatha pafupifupi sabata imodzi. Kuyendetsa galimoto kumadikira mpaka mutasiya mankhwala ogodomalitsa ndipo mukutha kukhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi osamva ululu. Koma malangizo ambiri olembedwa amaiwala kuti si onse amakhala pa desiki. Wa kabaza, mlimi wogwira khasu, womanga nyumba, wonyamula matumba a chimanga pamsika, onsewa amagwiritsa ntchito minofu yomweyo imene ili pansi pa bala, ndipo amafunika milungu 4 mpaka 6. Zimenezi ndi ndalama, ndipo ziwerengedwe pamodzi ndi mtengo wa opaleshoni. Mlimi sangasankhe mwezi wa Disembala. Wa ku jimu angayambe ndi kuyenda ndi zolimbitsa miyendo, koma zitsulo za pachifuwa ndi mapushapu ndizo zomalizira.

Chimene chimagwetsa anthu ulesi ndi galasi. Pa sabata yachiwiri kapena yachitatu, pachifuwa pamakhala potupa, mbali imodzi kuposa ina, ndipo pansi pa nkhumbu pamamveka kanthu kolimba kofanana ndi kamene kanachotsedwa. Ambiri apa amaganiza kuti dokotala sanachotse kanthu kapena kuti bere labwereranso. Kawirikawiri kolimbako ndi chipsera chamkati, chimene chimalimba m'milungu yoyambirira kenako n'kumafewa pang'onopang'ono. Madokotala ena amalangiza kusisita pamalopo bala likapola, ena amabaya mankhwala ofewetsa ngati sichikusintha. Kutupa kumatha pakati pa miyezi 3 ndi 6, ndipo ndi pamene maonekedwe enieni amadziwika. N'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito safulumira kubwereza opaleshoni miyezi imeneyi isanakwane, ngakhale wodwala akakamize.

Nkhumbu imachita dzanzi, kapena imamva kwambiri mwakuti malaya akaikhudza mumadzidzimuka. Kwa ambiri zimabwerera m'malo mwake m'miyezi ingapo, koma kwa ena dzanzi limatsala mpaka kalekale, ndipo munthu ayenera kulidziwa limeneli asanasaine pepala. Chipsera chakunja chimatenga chaka chimodzi mpaka chaka ndi theka kuti chikhwime. Pa khungu lakuda chimayamba ndi kuda kuposa khungu lozungulira, nthawi zina kuyera, kenako chimazilala. Dzuwa limachidetsa kwambiri, choncho chiphimbidwe. Bala likatsekeka, timapepala kapena mafuta a silicone amathandiza kuti chisatukuke, ndipo chikayamba kukwera ndi kuyabwa, jakisoni wa triamcinolone amagwira bwino ntchito chikadali chaching'ono. Mafuta oyeretsa khungu a pamsika asayandikire pamenepo.

Kodi bere lingabwerere? Mnofu wochotsedwa sumeranso, koma kagawo kamene kanasiyidwa pansi pa nkhumbu kamamverabe mahomoni. Wobwerera ku ma steroid kapena ku mankhwala amene anayambitsa vutoli angakuone kakukulanso, ndipo wonenepa amabweza mafuta.

Zimene akatswiri sanagwirizanebe

Funso lovuta kwambiri ndi la anyamata achichepere. Mbali ina imati adikire zaka ziwiri kapena mpaka atamaliza kukula, popeza kwa ambiri mabere amaphwa okha ndipo mpeni wofulumira ungasiye chipsera pachabe. Mbali ina imati zaka ziwiri za kusekedwa kusukulu, makamaka yogonera konko kumene kulibe kobisala posamba, zimavulaza mwana m'maganizo, ndipo bere lalikulu kwambiri silimaphwa kawirikawiri. Palibe msinkhu umodzi umene onse anavomereza.

Pa kachitidwe ka opaleshoni palinso kusiyana. Ena amati makina atsopano opopa mafuta, monga ogwiritsa ntchito mafunde a ultrasound, amatha kuphwanya mnofu wolimba popanda kudula nkhumbu. Ena amati mnofuwo ukapanda kudulidwa umatsala ndipo wodwala amabwereranso. Kapaipi kotulutsa madzi ena amakaika nthawi zonse, ena anakasiya, ndipo umboni woti kamaletsa magazi kusonkhana ndi wochepa. Vesiti nayo, malangizo a NHS, bungwe la zipatala za boma ku Britain, amatchula nthawi yaifupi kuposa milungu 4 mpaka 6 imene madokotala ambiri amalamula, ndipo kafukufuku wosonyeza nthawi yoyenera ndi wosakwanira. Ngakhale funso loti mnofu uliwonse wochotsedwa utumizidwe ku labotale lili ndi mbali ziwiri, chifukwa kwa anyamata khansa imapezekamo mwa apo ndi apo kwambiri, pamene kwa abambo achikulire ndi kwa otupa mbali imodzi ambiri amati uyezedwe basi.

Tamoxifen akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri pa vutoli, koma sanavomerezedwe mwalamulo pa ntchito imeneyi, ndipo maumboni ake ambiri ndi ochokera ku timagulu tating'ono ta odwala, makamaka pa anyamata. Chamba chimatchulidwa kawirikawiri ngati choyambitsa, koma kafukufuku amatsutsana. Palinso funso la amuna amene bere lawo ndi laling'ono kwambiri koma nkhawa yawo ndi yaikulu: ena opaleshoni imawamasula, ena sakhutira ngakhale itayenda bwino, ndipo njira yowazindikira pasadakhale siinakhazikike.

Lomaliza ndi la ndalama. Kodi opaleshoniyi ndi yochiza kapena yokongoletsa? NHS siilipira kawirikawiri, kupatula pa zifukwa zapadera, ndipo makampani ambiri a inshuwalansi amaiika m'gulu la zokongoletsa. Otsutsa amati mwamuna amene mabere ake anabwera chifukwa cha mankhwala operekedwa ndi chipatala, kapena amene akumva ululu tsiku ndi tsiku, sakufuna kukongola ayi, akufuna kuchira. Oyang'anira ndalama za zaumoyo amayankha kuti fiyeta ndi imodzi, madokotala a opaleshoni ndi ochepa, ndipo pa mzere pali amayi ovutika pobereka, ovulala pangozi ndi odwala khansa. M'maiko ngati athu, kumene mzerewo ndi wautali, funso loti malire a kuchiza ndi kukongoletsa ali pati silinayankhidwebe.